Kusankha midzi mwamaere pa R ndi C++

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya kafukufuku wa alimi a nsawawa kuno ku Chipata. Ndikufuna kusankha midzi mwamaere, koma mudzi wa mabanja ambiri ukhale ndi mwayi waukulu woti usankhidwe. Pa R, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera ziwerengero, sample() yosankhira mwamaere ndi prob yake yoikira mwayi wa mudzi uliwonse zimandichedwetsa ndikamabwereza kambirimbiri, choncho ndinalemba gawolo mu C++, chilankhulo china cholembera mapulogalamu, kudzera mu Rcpp, phukusi lolumikiza R ndi C++, pogwiritsa ntchito rand() potulutsa manambala a maere. Tsopano ngakhale ndiike set.seed(), yomwe imachititsa kuti maere azituluka chimodzimodzi nthawi zonse, midzi yotuluka ikusinthasintha. Ndalakwitsa pati? — Wowerenga, Chipata

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Vuto lagona pa rand(), pakuti imeneyo ndi ya chilankhulo cha C, osati R, ndipo set.seed() siyiikhudza konse. M'malo mwake ikani R::unif_rand(), yomwe imatenga manambala ku gwero la R lenilenilo, ndipo ngati munalemba // [[Rcpp::export]] pamwamba pa function yanu, Rcpp idzasamalira yokha zoti maerewo apitirire pomwe analekezera.

Kasankhidwe kake nkosavuta. Tinene kuti midzi itatu ili ndi mabanja 20, 30 ndi 50. Muwonkhetse motsatana: 20, 50, 100. Kompyuta ikakupatsani nambala ya maere ya pakati pa 0 ndi 1, monga 0.37, muchulukitse ndi 100, chiwerengero cha mabanja onse. 37 wapitirira 20 koma sanafike pa 50, ndiye kuti maere agwera mudzi wachiwiri. Midzi ikakhala yambiri ndipo mudzi uli wololedwa kutuluka kawiri, njira yotchedwa alias ya katswiri A. J. Walker ndiyo yachangu, chifukwa tebulo lake mumalikonza kamodzi kokha, kunja kwa loop, gawo lomwe limabwerezedwabwerezedwa.

Ngati simufuna kuti mudzi ubwerezedwe, akatswiri Efraimidis ndi Spirakis anaonetsa mu 2006 njira yomwe ine ndimaikonda: mudzi uliwonse muupatse nambala ya maere u ya pakati pa 0 ndi 1, muwerengere u^(1/w), pomwe w ndi chiwerengero cha mabanja ake, kenaka mutenge midzi ya manambala aakulu koposa.

Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri, chifukwa nkhaniyi ikukhudza alimi enieni. Posankha mosabwereza, kaya ndi njira imeneyi kaya ndi sample(), mwayi woti mudzi ulowe m'kafukufuku sufanana ndendende ndi kukula kwake: mwayi wa midzi ikuluikulu umachepa pang'ono, ing'onoing'ono nkupindula. Ngati mudzawerengera zokolola za boma lonse kuchokera pa midzi yosankhidwayo, gwiritsani ntchito systematic PPS, njira yosankha mwadongosolo yomwe mwayi wa mudzi umalingana ndi kukula kwake, yomwe ili mu phukusi la R lotchedwa sampling.