Achemwali a unamwino ndi mayina a Chilatini

Mtsikana wina amene wangoyamba maphunziro a unamwino kuno ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti mayina a ziwalo za thupi akumuzunguza mutu, ndiye akufunsa kuti tikuzunzikiranji ndi Chilatini pomwe odwala athu amalankhula Chichewa ndi Chiyao. Achemwali, mwandigunda pachilonda.

Mayi anga anavutika ndi mwendo nthawi yaitali. Unkachita dzanzi kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi, usiku ukuwotcha, tulo osabwera. Titapita nawo kuchipatala china, adokotala anawakweza mwendowo, nkulemba zawozawo m'kabuku, kenako nkunena kuti, "Amayi, ndi vuto la mtsempha." Basi, wotsatira alowe.

Kufika kunyumba ku Chinamwali aliyense anasanduka dokotala. Amalume anati magazi sakuyenda. Azakhali anati imeneyo ndi BP, asiye mchere. Amayi oyandikana nafe nyumba anati mtsempha wakokana, nkubwera ndi kansalu ndi madzi otentha, kuwathowa mpaka khungu kufiira. Panapezekanso wina wonong'ona za kutemera. Mnzanga wina wa zachipatala ndi amene anadzawerenga kabuku kaja. Munalembedwa sciatic nerve, mtsempha waukulu kuposa yonse mwa mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi, umene umachoka kumunsi kwa msana nkutsika kumbuyo kwa ntchafu. Unapanikizika kumsanako. Za magazi zinalibemo nkomwe.

Adokotala aja sananame. Koma ife mtsempha ndi wopititsa magazi kuchoka kumtima, ndi wobweza magazi, ndi wonyamula mauthenga, ndiponso uja wolimba kuseri kwa chidendene wolumikiza katumba ndi fupa. Zinthu zinayi, ntchito zosiyana, mankhwala osiyana. Mpaka lero zimandinyansa kuti munthu wodziwa kusiyana kwake sanapatule mphindi imodzi kuwafotokozera.

Komanso ndisamve wina akuti Chichewa chilibe mawu. Kaimeni pamene akusenda mbuzi pamsika. Mnyamata wa chiwaya akusonyezani chiwindi, impso, mapapo, chifu, matumbo, ndipo ndulu amaichotsa mosamala kwambiri chifukwa ikaphulika nyama yawawa, malonda atha. Agogo athu ankadziwa nthiti, mchombo, akakolo, chikhodzodzo popanda buku. Vuto limayamba pa zinthu ngati kapamba. Agogo akati mwana ali ndi kapamba akunena chiwalo cha kumanzere, pansi pa nthiti, chimene chimatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi. Timabuku ta matenda a shuga timatinso kapamba ponena chiwalo chopanga insulin yotsitsa shuga m'magazi, chimene chili kuseri kwa chifu. Inu muli m'chipinda cha opaleshoni, dzina limodzi pa ziwalo ziwiri likhoza kupha munthu. Apa sindinyengerera, Chilatinicho muphunzire.

Azungunso chisokonezo chimenechi anali nacho, mwina kuposa ife. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, m'mabuku mwawo munali mayina pafupifupi 50,000, chiwalo chimodzi mayina angapo, aliyense kutcha mmene wafunira. Mu 1895 akatswiri anakumana ku Basel, mzinda wa ku Switzerland, nkuwachepetsa kufika pa 5,000 ndi mazana angapo. Anadzawakonzanso ku Paris mu 1955, ndipo mndandanda umene aphunzitsi anu akutsatira, Terminologia Anatomica, unatuluka mu 1998. Anasankha Chilatini chifukwa palibe dziko limene lingati ndi chathu, komanso sichikusinthanso.

China chimene ndimawayamikira nacho ndi kuchotsa mayina a anthu. Njira imene dzira limadutsa popita m'chiberekero inatchedwa Fallopian tube potengera Gabriele Falloppio, dokotala wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1500. Bambo, dzina lake kukakhala m'mimba mwa amayi onse a dziko lapansi! Dzinalo silikuuzani kanthu za chiwalocho. Mu mndandanda watsopano ndi tuba uterina, kutanthauza paipi ya chiberekero. Ngakhale zili choncho m'mawodi mudzamvabe la Falloppio, madokotala ndi anthu osafuna kusiya zizolowezi.

Tsono muchite bwanji?

Musaloweze dzina lathunthu, liduleni. Sternocleidomastoid, mnofu wa m'mbali mwa khosi, amaoneka woopsa, koma akungokuuzani pamene mnofuwo wagwira: fupa la pachifuwa, fupa lopingasa pansi pa khosi, ndi kafupa kotumphuka kuseri kwa khutu. Tembenuzani mutu, muugwira ndi chala. Biceps ndi wa mitu iwiri, triceps itatu. Mafupa 206 aja agawireni m'magulu, ndipo amene mungathe muziwagwira pathupi panu powatchula. Kumanja ndi kumanzere nthawi zonse ndi kwa wodwala, osati kwanu.

M'kope lanu, pambali pa dzina lililonse, lembani mmene mungawauzire agogo a kwa Jali m'chiganizo chimodzi. Ndipo wodwala akati pamtima pakundiwawa, musathamangire kulemba za mtima, muuzeni aloze ndi chala, nthawi zambiri chalacho chimatera pachifu.