Mafunso a Owerenga: Kodi ndingachepetse thupi uku ndikumwabe mowa?

FUNSO

Zikomo Alangizi. Ndine bambo wa zaka 43, ndimakhala ku Mangochi boma ndipo ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse. Nditapita kuchipatala chifukwa cha mutu umene sunkaleka kuwawa, anandipeza ndi BP yokwera, sikelo inaonetsa makilogalamu 98, ndipo anandilangiza kuti ndichepetse thupi. Kuyambira pamenepo ndinachepetsa nsima ndi shuga wa mu tiyi, ndipo m'mawa ndimayenda wapansi kukafika pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kubwerera, koma patha miyezi itatu sikelo sikusintha. Mowa ndimamwa Lachisanu ndi Loweruka lokha, mabotolo asanu ndi limodzi pa tsiku. Anzanga ena akuti ndizimwa kachasu chifukwa omwa kachasu sanenepa, ena akuti chibuku ndi chakudya chabe. Kodi mowa ndi umene ukundibweza m'mbuyo, ndipo kodi ndiyenera kusiyiratu?

Wodandaula, Mangochi

YANKHO

Bambo, ndayamikira kuti mwalongosola zonse mosabisa, chifukwa ambiri akamafotokoza zimene amadya amatchula nsima, ndiwo ndi tiyi, koma za m'botolo sazitchula, poganiza kuti chakumwa sichinenepetsa. Inde, mowa ndi umene ukukubwezani m'mbuyo, ndipo tikawerengera limodzi muona nokha kukula kwake.

Mphamvu zimene thupi limapeza m'chakudya ndi m'chakumwa amaziyeza mu ma calorie. Galamu imodzi ya shuga kapena ya ufa imapereka ma calorie 4, galamu ya mafuta imapereka 9, pamene galamu ya alcohol, chimene chimaledzeretsa mu mowa, imapereka 7, kutanthauza kuti alcohol ili pafupi kwambiri ndi mafuta kusiyana ndi nsima imene mukuiopa. Botolo la mamililita 330 la mowa wa ukali wa maperesenti 5 limakhala ndi magalamu pafupifupi 13 a alcohol, ndipo tikaphatikiza zotsalira za chimera, limafika pa ma calorie pafupifupi 140. Mabotolo anu 12 a kumapeto kwa sabata ndi ma calorie oyandikira 1,700, ndipo pa mwezi amapitirira 7,000. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga ma calorie pafupifupi 7,700, choncho mowa wokhawo ukukubwezerani pafupifupi kilogalamu yathunthu mwezi uliwonse. Kuti munthu awotche botolo limodzi amafunika kuyenda ndawala pafupifupi theka la ola. Muli ngati munthu amene wapalasa bwato masiku asanu kukwera mtsinje wa Shire, kenako n'kuika nkhafi pansi kwa masiku awiri, madzi n'kumubweza pomwe anayambira.

Pali chinanso chimene chimachitika m'kati chimene sikelo singakuuzeni. Thupi lilibe posungira alcohol monga limasungira mafuta ndi shuga, ndipo limaitenga ngati poizoni woyenera kuchotsedwa msanga. Chifukwa cha ichi, mowa ukangolowa, chiwindi chimayamba kulimbana nawo, ndipo ntchito yowotcha mafuta imachepa kwambiri mpaka mowawo utatha m'magazi. Chiwindi sichifulumira, pakuti botolo limodzi limachitengera ola lathunthu kapena kupitirirapo, kotero amene wamwa mabotolo asanu ndi limodzi madzulo amagona thupi lake likulimbanabe ndi mowa, ndipo zambiri mwa zimene wadya usiku umenewo zimakhala pamzere wokasungidwa.

Apa ndi pamene ndikufuna muganizire bwino zimene zimakhala patebulo. M'kalata yanu simunatchule kanyenya, koma ndikudziwa kuti botolo lachitatu likamatha, fungo la nyama ya mbuzi yapamoto limayamba kukoma mwapadera, ndipo mnyamata wa pachiwaya amabweretsa tchipisi tonyezimira mafuta, towaza mchere ndi tsabola, timene timawonjezera ludzu. Mowa umautsa njala komanso umafooketsa kudziletsa, moti munthu amene wakana mtanda wachiwiri wa nsima sabata yonse amadya mbale yamafuta pakati pa usiku osaganizanso kawiri. M'mawa mwake kumabwera matsire, tulo timakhala tisanakwane chifukwa mowa umasokoneza kagonedwe ngakhale umagonetsa msanga, ndipo ndikukayika ngati ulendo wa kumlatho umachitika Loweruka ndi Lamulungu.

Malangizo a kachasu musawamvere ngakhale pang'ono. N'zoona kuti ambiri omwa kachasu tsiku ndi tsiku ndi owonda, koma kuwonda kumeneko ndi matenda, chifukwa amakhala atasiya kudya mokwanira, matumbo sakulandiranso bwino chakudya, minofu ikutha ndipo chiwindi chikuwonongeka. Komanso ukali wa kachasu suyezedwa, kotero simungadziwe kuti mwamwa wochuluka bwanji. Anzanu a chibuku akunenako zoona pang'ono, pakuti chibuku ndi masese zimakhala ndi ufa wambiri wa chimanga ndi mapira, koma ichi n'chifukwa chake sizingakuthandizeni: mumamwa ufa ndi alcohol nthawi imodzi, ndipo paketi yake ndi lita yathunthu.

Tsopano pa funso loti musiyiretu kapena ayi. Maganizo anga ndi akuti kwa munthu wa BP yokwera ngati inu, kusiya ndiye njira yabwino koposa, chifukwa mowa wambiri umakweza BP pawokha, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ulibe chiopsezo chilichonse. Yesani kukhala mwezi umodzi osamwa, mukupitiriza zina zonse zimene mwayamba, kuti muone nokha zimene sikelo ndi BP zichite. Ngati mwaona kuti simunakonzeke kutero, musanamizidwe kuti kuchepetsa kulibe phindu, pakuti kuchoka pa mabotolo 12 kufika pa anayi pa sabata kukuchotserani ma calorie oposa 1,000. Sankhani chiwerengero musanachoke pakhomo, tengani ndalama zokwanira chiwerengero chimenecho, ndipo pewani mchitidwe wogulirana mosinthana, chifukwa pagulu la anthu asanu ndi mmodzi aliyense amatha ndi mabotolo asanu ndi limodzi ngakhale sanafune.

Kutentha kwa kuno kunyanja, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumanyenga anthu ambiri, moti mabotolo awiri oyamba amangothetsa ludzu lomwe madzi akanathetsa. Imwani madzi musanayambe komanso pakati pa botolo ndi linzake, ndipo idyani chakudya chenicheni kunyumba musanapite, monga chambo kapena usipa wophika ndi masamba, osati wokazinga m'mafuta ambiri. Musadumphe chakudya kuti mupezere mowa malo, makamaka ngati muli ndi matenda a shuga ndipo mumamwa mankhwala, chifukwa mowa wa m'mimba yopanda kanthu ukhoza kutsitsa shuga mowopsa. Chenjeraninso ndi zolowa m'malo mwa mowa, pakuti botolo la mamililita 300 la zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana timasupuni ta tiyi pafupifupi 8, ndipo thobwa lothira shuga wambiri nalonso limanenepetsa.

Pambali pa sikelo, pezani tepi ya atelala muziyeza mimba yanu podutsa pamchombo kamodzi pa sabata, chifukwa mafuta a pamimba ndiwo oopsa kwambiri pa mtima. Kwa mwamuna, kupitirira masentimita 94 ndi chenjezo, ndipo kupitirira 102 ndi chiopsezo chachikulu. Mukabwerera kuchipatala, auzeni achipatala chiwerengero chenicheni cha mabotolo monga mwandiuzira ine, kuti akuuzeni ngati mankhwala anu a BP akugwirizana ndi mowa. Kwa owerenga ena amene amamwa tsiku lililonse ndipo manja amanjenjemera m'mawa asanamwe, musasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa kutero kukhoza kuyambitsa kukomoka. Yambani mwaonana ndi achipatala kuti akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono.