Limoti ya galimoto ikukana kukiya: kodi ndichotse alamu yonse?

Funso: Ndimakhala ku Rosettenville ndipo ndili ndi Toyota Corolla yakale, yomwe mwini wake woyamba anaiikitsa alamu. Kuyambira mu June limoti imagwira pokhapokha ndikayandikira kwambiri, ndipo chitseko chakumbuyo chakumanzere chimatsala chosakiyika zinzake zikakiyika. Sabata yatha ndili pamalo oimikapo magalimoto pa sitolo ina yaikulu limotiyo inakaniratu, koma nditafika kunyumba inayambanso kugwira. Kodi ndigule alamu ina?

Yankho: Bambo, musafulumire kutaya ndalama, chifukwa mwafotokoza mavuto atatu osiyana, ndipo pa atatuwo palibe limene likusonyeza kuti bokosi la alamu lafa.

Kufupika kwa mtunda n'kosavuta. Tsegulani limotiyo muone nambala yolembedwa pa batire: malimoti ambiri ali ndi kabatire konga ndalama yachitsulo, CR2032 kapena CR2016, ka mavoti 3, pamene ena a alamu zoikitsa ali ndi kakang'ono kotalika ka 23A, ka mavoti 12. Batire lotha mphamvu limaonekera msanga m'chisanu cha June ndi July cha kuno ku Johannesburg. Poika latsopano, pukutani tizitsulo tokhudza batirelo ngati tachita dzimbiri.

Za chitseko chija, khutu lanu lidzakuuzani zambiri kuposa makina. Tsamiritsani khutu pachitsekocho wina akudina limoti. Mukamva kulira m'kati koma kachitsulo ka loko osasuntha, ndiye kuti kamota kokankha loko katha mano, kapena ndodo yake yaguluka. Mukapanda kumva kanthu, musayambe mwaimba mlandu kamotako. Pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto pali mpira wopindikapindika momwe mumadutsa mawaya, ndipo chifukwa chitseko chimatsegulidwa ndi kutsekedwa kwa zaka zambiri, waya amaduka m'kati chikopa chake chikuoneka chabwinobwino. Ine ndimakoka waya aliyense pang'onopang'ono, ndipo amene akutanuka ngati lasitiki ndiye woduka. Ambiri amagula kamota katsopano pomwe vuto linali kawaya kamodzi kofunika kulumikiza. Fyuzi simungaikayikire pano, popeza ikanapsa zitseko zonse zikanakana pamodzi, magetsi a indiketa okha n'kumaphethira.

Vuto lachitatu ndi limene landidetsa nkhawa. Malimoti ambiri a magalimoto muno mu South Africa amatumiza uthenga pa mafunde a wailesi a 433 MHz, mofanana ndi malimoti a mageti ndi magalaja. Munthu akaima chapafupi n'kupanikiza batani la limoti yotero osalisiya, uthenga wanu umamizidwa ndipo galimoto siikiyika, inu n'kumapita poganiza kuti mwakiya. Mbava zimachita zimenezi m'malo oimikapo magalimoto a m'masitolo ndi m'malo omwetsera mafuta, ndipo apolisi ndi a inshuwalansi akhala akuchenjeza za khalidweli. N'zoona kuti nthawi zina chosokoneza chimakhala chipangizo china chosalakwa, koma limoti imene yakana pasitolo n'kudzagwira kunyumba kawirikawiri siikhala yowonongeka ayi, ndipo ine ndikanasamuka pamalopo.

Choncho musamachoke musanaone magetsi akuphethira ndi kumva maloko akugwa, ndipo muzikoka chogwirira cha chitseko chilichonse ndi dzanja, makamaka chakumbuyo chovutacho, chomwe pakali pano muyenera kumachikiya ndi dzanja muli m'kati musanatsike. Dziwaninso kuti katundu akabedwa popanda galasi losweka kapena loko wothyoka, a inshuwalansi kawirikawiri amavuta kulipira.

Limoti ikakana ndipo mwakiya ndi kiyi pachitseko cha dalaivala, alamu yoikitsa ikhoza kutsala yosatchera. Mukasintha batire koma vuto n'kupitirira paliponse, yesani batire lalikulu la galimoto injini ili yozima: lodzaza bwino limasonyeza mavoti 12.6, ndipo likatsika pansi pa 12 alamu imayamba kuchita zachilendo, ngakhale kulira yokha usiku.