Overload ikamazimitsa chigayo, musaichotse

Funso: Ndili ndi chigayo ku Ngabu. Masana kukatentha, overload imangozimitsa mota, makasitomala n'kumadikira ndi matumba awo a mapira. Mmisiri wina akuti angoichotsa. Ndivomere?

Yankho: Mayi, musavomere. Kachipangizo kameneka ndi kamene kakusunga mpamba wanu.

M'kati mwa overload muli tizitsulo timene timatentha n'kupindika mota ikamakoka magetsi opitirira muyeso. Tikapindika, timadula magetsi mawaya a m'mota asanapse. Fyuzi ndi breaker zimathandiza kwambiri mawaya akagundana, koma kutentha kwapang'onopang'ono kumene kumapha mota zambiri, mlonda wake ndi overload. Ndinaonapo chigayo china atapanikiza contactor (switchi imene imalumikiza magetsi ku mota) ndi kamtengo kuti isamadule. Sipanathe sabata, mota inanunkha chiwawu. Mwini wake analipira galimoto yopita nayo ku Blantyre, analipira okulunganso mawaya, ndipo masiku onsewo makasitomala anazolowera kwa mnzake.

Ndiye funsani chimene chikuidulitsa. Kuno kuchigwa, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo akatswiri amati madigiri 10 aliwonse owonjezera amafupikitsa ndi theka moyo wa zokutira mawaya a mota. Pukutani fumbi la ufa limene lamata pamota ndi pa fani yake. Onani sefa ngati yatsekeka, nyundo ngati zatha, malamba ngati akungidwa kwambiri. Komanso mnyamata wanu asamathire chimanga chosauma mothamanga pofuna kuchepetsa mzere.

Itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo ayeze ma ampi (kuchuluka kwa magetsi amene mota ikukoka) pa mawaya onse atatu, chigayo chikugaya, ayerekeze ndi olembedwa pa kachitsulo ka pamota. Magetsi akathawa pa waya mmodzi mwa atatuwo (phase imodzi), mota imapitirizabe kuzungulira kwinaku ikupsa, choncho aikemonso kachipangizo koteteza zimenezi. Mota poyamba imakoka magetsi pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa ikamayenda. Njira yolizira mota pang'onopang'ono yotchedwa star-delta imatsitsa zimenezi kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu.

Za ndalama: pa thumba lililonse mwagaya, patulani kangachepe ka zokonzera, kasamasakanikirane ndi ka ndiwo. Ndipo uzani makasitomala anu kuti nyengo ino azibwera m'mamawa kapena dzuwa likapendeka.