Kwa mayi amene mtsikana wawo wataya mtima ndi sayansi

Mayi, mwafunsa ngati nkhani za akatswiri a sayansi zingamuthandize mtsikana wanu wa Fomu 2, amene walakwa Chemistry materemu awiri otsatizana ndipo akuti mutu wake si wa sayansi. Zimathandiza ndithu, koma zimatengera mbali imene mukumuuza. Ife makolo timathamangira kumapeto, kuti uje adalandira mphoto, adatchuka dziko lonse. Mwana akamva zimenezo amangoti, "Eee, iwowo adabadwa anzeru," n'kutseka kope. Nkhani yagona pakati, pamene munthuyo zinkamukanika.

Mnyamata wanga ndidamuyambira pa LA. Adadwala malungo nthawi ya mvula kuno ku Chibavi, ndipo usiku wina ndikumumwetsa mapiritsi achikasu aja ndidamufunsa ngati akudziwa kumene mankhwalawo adachokera. Mphamvu ya LA ili mu artemisinin, amene adapezedwa ndi mayi wa ku China, Tu Youyou. Iye ndi anzake adayesa ka 190 kutulutsa mankhwala m'zitsamba, osaphula kanthu kokhutiritsa. Kuyesa kwa nambala 191, mu 1971, ndiko kudapha tizirombo ta malungo mu mbewa. Kani vuto lidali moto: ankawiritsa masamba, kutentha n'kumaononga mankhwalawo. Adazindikira atawerenga zolemba za sing'anga wina wakalekale zonena kuti masambawo aziviikidwa m'madzi n'kufinyidwa. Asanapatse odwala adayamba wamwa yekha. Mphoto ya Nobel idadzamupeza mu 2015, ali gogo wa zaka 84. Mwana wanga, thupi likutentha choncho, adandifunsa kuti, "Ndiye ka 190 konseko sadatope?" Funso limenelo ndilo ndinkalifuna.

Izi si zongoganiza ine ayi. Mu 2016 ofufuza a ku Columbia University adafalitsa zimene adapeza pa ophunzira a sekondale oposa 400 ku New York. Amene adawerenga za mavuto a Einstein, Marie Curie ndi Faraday adakweza magiredi awo a sayansi, makamaka amene ankatsalira m'kalasi. Amene adangowerenga za kupambana kwa anthu omwewo sadapindule.

Chachiwiri, musankhire nkhani imene angaigwire ndi manja. Michael Faraday adali mwana wa wosula zitsulo, sukulu sadapite nayo patali, ndipo ali ndi zaka 14 adayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku, n'kumawerenga mabuku omwe ankasokawo. Mu 1831 adaonetsa kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulunga, magetsi amabadwa. Dainamo ya njinga imagwira ntchito choncho, makina opangira magetsi a ku Nkula ndi ku Wovwe chimodzimodzi. Ndiyenso William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha fizi m'nthawi ya njala ya 2002, adagwiritsa ntchito dainamo ya njinga pa makina ake amphepo opangira magetsi. Chingerezi cha m'buku la kulaibulale chinkamuvuta, ankatsatira zithunzi. Anthu ankamuti wapenga pomuona akutola zitsulo kudzala. Ameneyu ine ndimamukonda kuposa onse, chifukwa mwana sanganene kuti zimenezo n'za azungu.

Pitani naye kwa okonza njinga kumsika, mupemphe dainamo yakutha, aitsegule yekha aone maginito ndi wayayo.

Koma mayi, nkhani payokha siiphunzitsa Chemistry. Mukamaliza kucheza, mupemphe pepala la mayeso lomwe adalakwa lija, mukhale naye pamkeka, muone funso lililonse. Mwina mupeza kuti ndi mutu umodzi kapena iwiri yokha imene adaiphonya, monga ma symbol kapena kulinganiza ma equation. Mitu imeneyo mulembe papepala, Lolemba akaonetse aphunzitsi ake.