Musanayambe kuphunzira "Take On Me", imvereni katatu

Achimwene, mwanena kuti mumaimba kiyibodi m'kagulu kanu, ndipo eni phwando lomwe mwaitanidwako apempha kuti mudzaimbe "Take On Me" ya gulu la a-ha. Mwafunsa ngati nyimbo ya 1985 ingadzutsebe anthu pamipando masiku ano, komanso kuti pa maimbidwe ake osiyanasiyana omwe mwapeza pa YouTube mutsatire ati. Pa funso loyambalo ndikuti iphunzireni ndithu, nthawi yanu siipita pachabe. Funso lachiwirilo likufuna kuti ndiyambe ndafotokoza kumene nyimboyi inachokera, chifukwa maimbidwe atatu ofunika kwambiri pa omwe mwapezawo ndi a eni ake omwewo, ndipo mukawamvera motsatana mudziwa nokha chimene chiyenera kusungidwa ndi chimene mungasinthe.

Gulu la a-ha ndi la anthu atatu a ku Norway: Morten Harket amene amaimba, Magne Furuholmen wa pa kiyibodi, ndi Pål Waaktaar wa pa gitala. Kachuni kothamanga kamene anthu amazindikirira nyimboyi, Furuholmen anakapeka ali mnyamata wa zaka pafupifupi 15, ndipo kanayamba kumveka m'nyimbo yotchedwa "Miss Eerie" pamene iye ndi Waaktaar ankaimba m'gulu lina la ku Oslo lotchedwa Bridges. Gulu limenelo linkakonda nyimbo zolemera zofanana ndi za The Doors, choncho kachuniko kankaoneka ngati kopepuka kwambiri kwa iwo. Harket atagwirizana nawo mu 1982 n'kupanga a-ha, anakaukitsa n'kukaika m'nyimbo ina yomwe anaitcha "Lesson One". Mu 1983 atatuwa anakhazikika ku London, kumene anakhala movutika ndithu mpaka pamene anagwirizana ndi kampani ya Warner Bros.

Yambani ndi "Take On Me" yoyamba, yochokera ku "Lesson One" ija, yomwe inatuluka mu Okutobala 1984, imene anajambula ndi Tony Mansfield. Kwawo ku Norway inafika pa nambala 3, koma ku Britain anthu sanaigule, ndipo kanema wake anangoonetsa atatuwa akuimba kutsogolo kwa khoma la buluu. Ndikukupemphani kuti muimvere ngakhale simudzaiimba, chifukwa kwa munthu wa kiyibodi muli phunziro lalikulu. Kachuni kalimo, kolasi (chigawo chobwerezabwereza chija) ilimo, mawu a Harket alimo, komabe nyimboyo siikoka. Mwa kumva kwanga, phokoso la makina linachuluka moti kachuniko kamasowa malo opumira, ndipo kolasi ikafika sumva kuti wakwera pamalo ena. Nyimbo yabwino ingathe kufooka chifukwa cha mmene zida zasanjidwira, ndipo zimenezi zingachitikenso pa gulu lanu ngati aliyense afuna kumveka nthawi imodzi.

Kenako mverani ya 1985, imene anaijambulanso ndi Alan Tarney, katswiri amene anali atagwirapo ntchito ndi Cliff Richard. Imeneyi ndi imene dziko lonse limaidziwa, ndipo ndi imene eni phwando lanu akuyembekezera. Tarney anachepetsa zosafunika, ng'oma za makina a LinnDrum zinamveka mwamphamvu ndi moyera, ndipo kachuni kaja, koimbidwa pa Roland Juno-60, kanabwera patsogolo. Ngakhale zinali choncho, itatulutsidwanso ku Britain kumayambiriro kwa chakacho sinapite patali. Chimene chinaitsegulira njira chinali kanema wachiwiri. Jeff Ayeroff wa ku Warner Bros. ku America anakhulupirira nyimboyi, ndipo anaitana Steve Barron, amene anali atatsogolera kanema wa "Billie Jean" wa Michael Jackson, pamodzi ndi ojambula pamanja awiri, Michael Patterson ndi Candace Reckinger. Barron anajambula anthu enieni ndi kamera, ndipo awiriwo anatsata zithunzizo ndi pensulo chimodzichimodzi, zithunzi pafupifupi 3,000, ntchito imene inatenga milungu 16. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene akuwerenga kabuku ka zithunzi m'nyumba yodyera, dzanja n'kutuluka m'kabukumo n'kumukokera m'dziko la zojambula, kumene amuna awiri onyamula zipanera akuthamangitsa mnyamata wa m'nkhaniyo. MTV, wailesi ya kanema yoonetsa nyimbo, inayamba kuonetsa kanemayu pafupipafupi, ndipo pa 19 Okutobala 1985 nyimboyi inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard ku America. Ku Britain inaima pa nambala 2, kumbuyo kwa "The Power of Love" ya Jennifer Rush. Mu 1986 kanemayu anapata mphoto 6 za MTV.

Chifukwa cha mbiri imeneyi, anthu ambiri amanena kuti kanema ndiye amene anapanga nyimboyi, ndipo mwina ndi zimene zikukudetsani nkhawa, popeza inu mudzaimba paphwando popanda chithunzi chilichonse. Ine sindivomereza maganizo amenewo. N'zoona kuti popanda kanemayu mwina sitikanaidziwa, chifukwa inali italephera kale kawiri. Koma makanema okongola a zaka za m'ma 1980 alipo ambiri amene nyimbo zake palibe akuziimbanso lero. Kanema anachititsa anthu kumvetsera koyamba, koma chimene chawasunga kwa zaka zoposa 40 chili m'kamangidwe ka nyimboyo.

Umboni wake uli pa yachitatu imene ndikufuna kuti muimvere, ya mu Juni 2017, pamene a-ha anajambula chionetsero cha MTV Unplugged, choimba ndi zida zosadalira magetsi, pa chilumba cha Giske ku Norway. Harket anali ndi zaka 57. Anachotsa ng'oma zothamanga, anachotsa kuwala konse kwa makina, liwiro analitsitsa kwambiri, ndipo anaimba mofatsa ngati munthu amene akulankhula ndi mnzake yekha usiku. Nditaimva koyamba ndinakhala chete kwa kanthawi, chifukwa nyimbo imene ndinkaiyesa ya chisangalalo chokhachokha inali ndi chisoni mkati mwake kuyambira kalekale. Mawu ake ndi a munthu wamanyazi amene akupempha kuti alandiridwe nthawi isanathe, popeza posachedwa achoka. Mu 1985 chisonicho chinabisala kuseri kwa liwiro, ndipo ndikukhulupirira kuti kusakanikirana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti anthu asatope nayo, chifukwa ukafuna kuvina imakuvinitsa, ndipo ukakhala wekha imakukhudza mtima. Yofatsayi inamveka m'filimu ya Deadpool 2 mu 2018, ndipo m'masewera a pakompyuta a The Last of Us Part II a mu 2020 muli mtsikana amene amaiimba ndi gitala yokha. Achinyamata ambiri anaidziwira kumeneko.

Funso lanu lakuti idzadzutsa anthu kapena ayi likuyankhidwanso ndi mmene mibadwo yakhala ikuilandirira. Gulu la Reel Big Fish linaiimba m'kaimbidwe ka ska, kothamanga ndi ka malipenga, mu 1998. Gulu la anyamata la A1 linaifikitsa pa nambala 1 ku Britain mu 2000, pamalo pamene eni ake sanafike ndi nyimboyi. Pitbull ndi Christina Aguilera anabwereka kachuni kake mu "Feel This Moment" mu 2013, ndipo mu 2023 inamveka m'filimu ya The Super Mario Bros. Movie imene ana ambiri anaonera. Mu Febuluwale 2020 kanema wa 1985 uja anapitirira maulendo 1 biliyoni oonedwa pa YouTube. Choncho paphwando pamene pali makolo, achinyamata ndi ana, mungayembekezere kuti gulu lililonse likuidziwa kudzera m'njira yakeyake.

Tsopano ndibwere ku ntchito yeniyeni. Musanawononge nthawi pa kachuni, yesani kaye woimba wanu pa kolasi, chifukwa pamenepo ndi pamene magulu ambiri amagwera. Nyimboyi ili mu kiyi ya A. Kolasi imayambira pa A wapansi kwambiri, ndipo mzere uliwonse umakwera kuposa unzake mpaka kukathera pa E wapamwamba, mtunda wa ma octave pafupifupi awiri ndi theka (octave ndi mtunda wochoka pa A kufika pa A wotsatira), ndipo Harket amafika pamwambapo ndi kamawu kopyapyala koma kosagwedera. Amuna amene angachite zimenezi pamaso pa anthu ndi ochepa. Chimene ambiri amathamangira ndi kutsitsa kiyi, koma samalani, chifukwa mukatsitsa kwambiri, poyambira kolasi pamakhala pansi moti woimba samveka. Njira imene ndikuona kuti ndi yabwino ngati muli ndi oimba awiri ndi kugawana: mwamuna aimbe mavesi ndi mizere yoyambirira ya kolasi, ndipo mayi kapena mtsikana wa mawu okwera alandire mizere yomalizayo. Mukatero kiyi ikhala yomweyo, ndipo kukwera kuja, kumene ndi mtima wa nyimboyi, sikutayika. Ngati woimba ali mmodzi, tsitsani pang'ono chabe, ndipo mumulole afike pamwambapo mofewa m'malo mokuwa.

Kwa inuyo pa kiyibodi, sankhani mawu a synth (mawu opangidwa ndi makina) owala, amene amamveka msanga mukangogunda ndi kuzima msanga mukachotsa chala. Musapondereze pedo yotalikitsa mawu, chifukwa kachuniko kamakoma manoti akamadukaduka, lililonse palokha. Kamayambira pa F sharp pamwamba pa chord (manoti oimbidwa pamodzi) ya B minor, ndipo chovuta chake chili pa timipata tamkati pamene noti imabwera mochedwerako pang'ono. Yambani pang'onopang'ono mpaka zala zizolowere timipata timeneti, kenako muziwonjezera liwiro tsiku ndi tsiku. Liwiro lenileni ndi kugunda pafupifupi 169 pa mphindi, ndipo popeza m'chimbale ng'omazo zinali za makina, sizithamanga kapena kutsalira ngakhale pang'ono. Woimba ng'oma wanu ayeserere ndi metronome, kachipangizo kosunga liwiro, chifukwa chisangalalo cha paphwando chimakankhira munthu kutsogolo, ndipo liwiro likangokwera pang'ono, zala zanu ndi mpweya wa woimba sizikwanitsa. Wa besi akumbukire kuti pa kolasi amatsika kuchoka pa A kupita pa G sharp, F sharp, kenako D, pamene mawu akukwera. Kusemphana kumeneku ndi kumene kumatsegula kolasiyo, choncho asawonjezere zokometsera zambiri pamenepo.

Pakati pa nyimboyi pali chigawo cha zida zokhazokha, chimene magulu ena amachidumpha poganiza kuti anthu atopa. Chonde musachidumphe. Chigawocho chimachotsa kachuni kaja m'makutu mwa anthu kwa kanthawi, ndipo kakabwereranso ndi pamene ovina amakuwa. Poyambirira paja pamenenso pali ng'oma ndi zida zina zochepa kachuni kasanalowe, musafupikitsepo, chifukwa anthu amafunika masekondi amenewo kuti azindikire chimene chikubwera ndi kunyamuka.

Pa kusankha kwenikweni, ngati mwapatsidwa nthawi yovina, imbani ya 1985 ndipo muitsatire mokhulupirika, chifukwa anthu amadziwa kagawo kalikonse ndipo amazindikira msanga chikasowa. Ngati mwapatsidwa nthawi imene alendo akudya kapena pamene mwini phwando akulowa, ya 2017 ndiyo yoyenera, ndipo ili ndi ubwino wakuti siifuna zida zambiri komanso siivutitsa woimba. Gulu lolimba mtima lingathe kuyamba vesi loyamba ndi kolasi mofatsa, kenako ng'oma n'kulowa ndi liwiro la 1985, koma zimenezi muzichite pokhapokha mutaziyeserera mokwanira, chifukwa polumikizira pamenepo pakasokonekera nyimbo yonse imabalalika.

Mukapeza mpata, mverani chimbale chonse cha Hunting High and Low cha 1985, mmene muli nyimboyi. Mulinso "The Sun Always Shines on T.V.", imene inafika pa nambala 1 ku Britain mu Januwale 1986, ndipo kwa ine ndi yolemera kuposa "Take On Me" pa kasanjidwe ka makiyibodi. Ku America ambiri amakumbukira a-ha ndi nyimbo imodzi yokha, koma gululi linaimba nyimbo ya filimu ya James Bond ya The Living Daylights mu 1987, ndipo mu 1991 linasonkhanitsa anthu 198,000 m'bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro. Ngati eni phwando lanu amakondadi nyimbo za nthawi imeneyo, konzaninso "The Sun Always Shines on T.V." kuti ikhale pafupi, ndipo muiike pambuyo pa "Take On Me" kuti woimba wanu adutse kolasi yovutayo mawu ake asanatope.