Naftalina ndi wa m'sutikesi, osati wa kudimba

Mayi wina wa ku Tsangano wanditumizira imelo. Mfuko zamuthera mbatata ya kachewere, ndipo mnansi wamuuza kuti aziponya timipira ta naftalina, toyera tija tophera njenjete za zovala, m'mauna mwake. Akufunsa ngati timathandizadi, komanso ngati sitiononga nthaka.

Mayi, mwandikumbutsa tsiku limene sindifuna kulikumbukira. Chaka china makoswe atativuta kwathu ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndinagula paketi ya timipirati pamsika, n'kumwaza pansi pa nkhokwe ndi m'mbali mwa dimba. Ndinkadziona wochenjera. Mawa lake tinapeza kamwana ka mlongo wanga, kazaka 3, katakhala pamthunzi wa nkhokwe, tsaya lili tuu. Kanayesa siwiti. Tinakachotsa kampirako m'kamwa, kukamwetsa madzi, ife nkumati zatha. Patapita masiku awiri maso anali achikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Kuchipatala anatiuza kuti naftalina amaswa maselo ofiira a magazi, makamaka mwa anthu obadwa ndi vuto la G6PD (kuchepa kwa chinthu china choteteza maselowo), lomwe ndi lofala kuno ku Africa. Mwanayo anachira, koma mlongo wanga anatha mwezi akundiyankha moni ndi mutu wokha.

Nanga makoswe? Anapitiriza kudya chimanga ngati tawawonjezera ndiwo.

Timipirati sitisungunuka ngati mchere, timasanduka mpweya pang'onopang'ono. M'sutikesi yotseka mpweyawo umadzadza n'kupha njenjete za zovala. Pabwalo, ndi mphepo ya ku Angónia ija, fungo limangouluka. Mfuko ikalimva imatseka unawo ndi dothi n'kukumba wina pambali. Njoka nazo siziopa, musanamizidwe. Zotsalira zimalowa m'nthaka, ndipo kudimba madzi ali pafupi; chitsime chothirira kabichi ndi chomwechonso ana amamwamo akatopa. Agalu ndi nkhuku amatola chilichonse choyera.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mayiko a European Union analetsa timipira ta naftalina mu 2008, ndipo bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mankhwalawa m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa mu 2002, koma kuno mumatipeza pabenchi limodzi ndi mabisiketi. Ena amafika poika m'zovala za khanda kuti zizinunkhira "ukhondo". Ukhondo wanji? Ine ndikuti timipirati tisamapezeke n'komwe m'nyumba ya ana.

Tsono mfuko zija

Tcherani msampha pa una watsopano, pamene dothi likadali lonyowa. Dzalani ombwe, ena amati mthuthu, m'malire mwa munda. Alimi ambiri amautama pa mfuko, koma masamba ake asagwere mumtsinje chifukwa amapha nsomba. Ngati munaponya kale timipira, kafukuleni mutavala pulasitiki kumanja, ndipo mukasunge m'botolo lotseka pamwamba, posafika mwana.